Ukulele wa mmisiri kapena wa m'sitolo? Yankho kwa mphunzitsi wa ku Nkhotakota

Funso: "Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Dwangwa, ndipo ndimaphunzitsanso kwaya ya ana. Chaka chatha mlendo wina anatiyimbira ukulele ndipo ana anaukonda kwambiri, moti ndasunga ndalama pang'ono kuti ndigule umodzi. Mlamu wanga akuti ndikagule wa m'sitolo ku Lilongwe, pamene mnzanga akuti alipo amisiri amene amaupanga ndi manja. Kodi amaupanga bwanji, ndipo ndiyang'ane chiyani ndisanapereke ndalama zanga?"

Aphunzitsi, popeza mukukhala pafupi ndi minda ya nzimbe, mwina mungakonde kudziwa kuti nzimbe ndi zimene zinachititsa kuti ukulele ubadwe. Mu Ogasiti 1879 sitima yotchedwa Ravenscrag inakocheza pa doko la Honolulu ku Hawaii itanyamula anthu oposa 400 ochokera ku Madeira, chilumba cha dziko la Portugal, amene anapita kukagwira ntchito m'minda ya nzimbe ya kumeneko. Pagululo panali akalipentala atatu, Manuel Nunes, Augusto Dias ndi José do Espírito Santo, ndipo atachoka kumindako anatsegula timashopu m'tauni n'kuyamba kupanga kagitala ka kwawo ka nsambo zinayi kotchedwa machete, koma ndi mtengo wa ku Hawaii wotchedwa koa. Mfumu ya kumeneko, Kalākaua, inakonda kaliridwe kake, ndipo chidacho chinafala ndi dzina latsopano la ukulele, limene ambiri amalimasulira kuti "nthata yodumpha". Ndakufotokozerani mbiriyi kuti muone kuti chida chimenechi chinayambira pa benchi la kalipentala wamba amene anatola mtengo umene unali pafupi, choncho palibe chachilendo mmisiri wa kunyanja kuno akapanga ukulele wabwino. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri amene amayesa amagwera m'mbuna imodzimodzi, ndipo mbunayo ndi thabwa losauma.

Thabwa limene kalipentala wa mipando amati lauma, kwa wopanga zoyimbira limakhala lidakali laliwisi. Mpando uli ndi miyendo yokhuthala, ndipo ukafota pang'ono palibe amene amazindikira. Koma nkhope ya ukulele, ndiye kuti thabwa lakutsogolo limene lili ndi bowo lija, imakhala yopyapyala pafupifupi mamilimita 2 ndiponso yomatidwa mbali zonse, kotero kuti ikafuna kufota imasowa kothawira, imangong'aluka. Amisiri timawerengera kuti thabwa lokhuthala inchi imodzi lifunika chaka chathunthu likuuma pamthunzi, litasanjikizidwa ndi timitengo pakati kuti mphepo izidutsa, ndipo tikalicheka kukhala timapepala timalisiyanso miyezi ingapo tisanaligwire. M'mashopu a kunja ali ndi makina osungira chinyezi cha m'chipinda pakati pa 45 ndi 50 peresenti chaka chonse. Ife makinawo tilibe, chimene tili nacho ndi kalendala. Mmisiri wanzeru wa ku Salima kapena ku Nkhotakota amamata nkhope ndi msana wa ukulele mu Seputembala kapena Okutobala, mpweya utauma, chifukwa chida chomatidwa m'chilimwe chimangofufuma pang'ono mvula ikayamba n'kubwerera m'malo mwake ikatha, pamene chomatidwa m'dzinja chimafota chilimwe chikafika, ndipo kufotako ndi kumene kumang'amba.

Zimenezi sindinaziwerenge m'buku, ndinaziphunzira ndi manyazi. Ukulele wanga woyamba ndinaumata mu Febuluwale, mvula ikukhuthuka usana ndi usiku, chifukwa mwini wake, wa ku Senga Bay, anali pa changu ndipo inenso ndalamayo ndinkaifuna. Unalira bwino miyezi ingapo. Chakumapeto kwa Okutobala munthuyo anabwera nawo atauphimba ndi chitenje, ndipo nditavundukula ndinapeza mng'alu woyambira pamene pamamangidwa nsambo kutsikira mpaka kumunsi, wokwana kulowetsamo chikhadabo. Anandiuza kuti unaphulika wokha usiku uli pakhoma, ngati kankhuni kathyoka. Ndinamupangira wina mwaulere, ndipo woyambawo ndinaupachika m'shopu mpaka lero kuti uzindikumbutsa.

Za mtundu wa mtengo anthu amakangana kwambiri, mwina koposa mmene nkhaniyo ikuyenerera. Koa ndi wokongola ndi wodula, koma amamera ku Hawaii kokha, ndipo kampani ya Kamaka, imene inayamba mu 1916 ku Honolulu ndipo ikuyendetsedwabe ndi banja lomwelo, inamanga dzina lake pa mtengo umenewu. Komabe m'zaka za m'ma 1920 kampani ya Martin ya ku Pennsylvania inagulitsa maukulele ambirimbiri a mahogany, amene akufunidwabe mpaka pano, ndipo mahogany ndi wachibale wa mbawa yathuyi. Mafakitale ambiri masiku ano amagula mbawa ya mu Africa kupangira magitala ndi maukulele, ndiye ukulele umene mlamu wanu angakupezereni m'sitolo ukhoza kukhala wa mtengo womwewo umene uli m'mbali mwa mtsinje kwanuko. Mbawa imapereka mawu ofunda, osabaya m'khutu, ndipo imapalika mosavuta. Mango, amene tili nawo ochuluka m'maboma athu awiriwa, amapanganso ukulele wabwino wa mizere yokongola, ndipo a ku Hawaii amawagwiritsanso ntchito. Vuto lake ndi lakuti thabwa la mango limafumbwa msanga likapanda kusamalidwa, choncho mukaona timabowo ting'onoting'ono totuluka ufa musagule. Mlombwa ndi wolemerapo, umakhala bwino kumsana ndi m'mbali kusiyana ndi kunkhope. Phingo, chifukwa cholimba ngati chitsulo, ndi woyenera pa kathabwa kamene zala zimapondapo, pamene mtengo wofewa ungakumbike ndi zikhadabo.

Pano ndiwonjezepo chenjezo limodzi. Mbawa, mlombwa ndi phingo ndi mitengo yachilengedwe imene siyenera kudulidwa popanda chilolezo cha a zankhalango, ndipo mkungudza wa ku Mulanje watsala pang'ono kutheratu, moti mmisiri akakulonjezani mkungudza watsopano mukane. Thabwa labwino koposa limene ndagwirapo silinachokere m'nkhalango ayi, linali chitseko chakale cha mbawa cha nyumba imene ankaigwetsa. Chitseko, bedi kapena benchi limene lakhala m'nyumba zaka makumi atatu lauma kale mokwanira ndipo lazolowera mpweya wa kunyanja, ndipo pa chitseko chimodzi pamatuluka maukulele angapo.

Thabwa likapezeka, mmisiri amayang'ana kumapeto kwake kuti aone mmene mizere ya kakulidwe ka mtengo yakhalira. Amafuna pamene mizereyo yaima chilili, chifukwa thabwa lochekedwa chotero limafota pafupifupi theka la mmene limafotera thabwa la mizere yogona, ndiponso silipindika. Kenaka amaligawa pakati pa kukhuthala kwake n'kutsegula mapepala awiriwo ngati buku, n'kuwalumikiza m'mphepete, ndipo n'chifukwa chake nkhope ya ukulele wopangidwa bwino imaoneka ngati mbali ya kumanzere ikudziyang'ana pagalasi. Mapepalawo amawapala mpaka afike pa mamilimita 2 kapena kucheperapo pang'ono, koma sadalira lula yekha. Amanyamula thabwalo ndi zala ziwiri pafupi ndi ngodya, n'kuliika pafupi ndi khutu, n'kuligogoda ndi chala cha dzanja linalo. Likadali lokhuthala limayankha mwachidule ngati munthu wagogoda tebulo. Likafika pake limayamba kung'ung'udza pang'ono ngati ng'oma yakutali, ndipo pamenepo mmisiri amasiya kupala ngakhale lula atanena zina.

Ntchito imene alendo amakonda kuonerera ndi yopinda matabwa a m'mbali. Timatenga paipi yachitsulo, kuimangirira pa benchi n'kuitenthetsa m'kati, ena ndi magetsi, ena ndi makala, mpaka dontho la madzi likagwerapo lizivina m'malo mongokhala. Kathabwa konyowetsedwa pang'ono timakagoneka pa paipiyo n'kumakayendetsa uku ndi uku tikukanikiza ndi zikhatho. Poyamba kamakana, nthunzi ikutuluka, fungo la mbawa yopsa litadzaza m'shopu, kenaka mwadzidzidzi umamva m'manja kuti kagonja, ndipo mphindi imeneyo ndi yokhayo yopindira chiuno cha ukulele. Ukafulumira kamathyoka, ukachedwa kamapserera. Kakapindika timakatsekera mu chikombole mpaka kazizire ndi kuuma, n'kumata timitengo tocheka mano m'mphepete mwake kuti nkhope ndi msana zipeze pogwira. Kunsi kwa nkhope timamatako nthiti zing'onozing'ono za mtengo wopepuka, ndipo nthitizi timazisema zitamatidwa kale, tikugogoda ndi kumvetsera monga poyamba paja. Fakitale singachite zimenezi pa chida chilichonse. Imapala matabwa onse mofanana, ndipo imawasiya okhuthalako kuti asabwezedwe ndi ogula. Kusiyana kwenikweni kwa ukulele wa manja ndi wa makina kuli pamenepa, osati pa zokongoletsa.

Tsopano tifike pamene masamu anu a m'kalasi amagwira ntchito, Aphunzitsi, ndi pamenenso amisiri ambiri a luso la matabwa amapunthwa. Pa khosi la ukulele pali timawaya topingasa timene oyimba amati ma fret, ndipo malo a kawaya kalikonse sayerekezedwa ndi maso. Mmisiri amayeza kutalika kwa nsambo kuchokera pa kafupa ka kumutu kufika pa kafupa ka pamimba, timafupa tiwiri timene nsamboyo imatsamirapo, n'kugawa ndi 17.817, ndipo yankho lake ndi pamene pakhale fret yoyamba. Amachotsa yankholo pa kutalika kuja, n'kugawanso chotsalacho ndi 17.817 kuti apeze yachiwiri, n'kumapitiriza chotero. Pa ukulele wa nsambo zotalika mamilimita 380, fret yoyamba imakhala pa mamilimita 21.3, ndipo ya nambala 12 imagwera pakati penipeni, pa mamilimita 190. Kuphonya ndi milimita imodzi yokha kumamveka m'khutu, ndipo palibe kuchuna kumene kungakonze. Banjo za zigaloni zimene anyamata amapanga m'midzi yathu zimakoma mwa njira yake, chifukwa woyimbayo anazolowera pamene chida chake chimanama ndipo amadziwa kupazemba. Koma inu mukufuna chida choti ana a kwaya azitengerako mawu, ndipo chida chonama chidzawaphunzitsa kuyimba mokhota.

Chomaliza ndi utoto. Vanishi wokhuthala wonyezimira ngati galasi amakopa maso m'sitolo, koma amalemeretsa nkhope imene mmisiri anavutika kuipeputsa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ine ndimapaka mopyapyala, moti mizere ya mtengo imamvekabe pang'ono pansi pa chala.

Pa kagulidwe, yambani ndi kukula kwake. Wamng'ono kwambiri pa maukulele odziwika amautcha soprano, wa nsambo zotalika pafupifupi masentimita 33. Wotsatira ndi concert, wa masentimita 38. Kenaka tenor, wa masentimita 43. Atatuwa amachunidwa mofanana, G, C, E, A, ndipo nsambo ya G, imene ili pamwamba mukaunyamula, imakhala ndi mawu okwera kuposa ya C yoyandikana nayo, chimene chimapatsa ukulele kaliridwe kake kodumphadumpha. Palinso baritone, wamkulu, wochunidwa D, G, B, E ngati nsambo zinayi zing'onozing'ono za gitala, koma umenewo ndi wa munthu amene akufuna gitala yaing'ono. Kwa inu ndingasankhe concert, chifukwa zala za munthu wamkulu zimakwanamo popanda kupanikizana, mwana wa sitandade 5 amaufikira bwinobwino, ndipo mawu ake amamveka m'kalasi kuposa a soprano.

Kaya muli m'sitolo kaya m'shopu ya mmisiri, musapereke ndalama musanauyese, ndipo kuyesako sikufuna kuti mukhale katswiri. Ikani mu foni yanu pulogalamu yochunira, zilipo zaulere, ndipo muchune nsambo zonse zinayi. Lizani nsambo imodzi osaiponda, kenaka muiponde pa fret ya nambala 12 n'kuilizanso. Foni iyenera kusonyeza chilembo chomwecho, singano ili pakati kapena pafupi kwambiri. Ngati nsambo yosaponda ikuti C koma yopondedwa yathawira kutsogolo, ukulelewo usiyeni ngakhale utakongola bwanji. Mukatero yezani mpata wa pakati pa nsambo ndi fret ya nambala 12 yomweyo, umene uyenera kukhala pakati pa mamilimita 2.5 ndi 3. Ngati mulibe lula, phatikizani chiphaso cha unzika ndi makadi a kubanki: atatu alowe mosavuta, anayi athine. Mpata ukaposa pamenepo zala za ana zidzawawa ndipo adzausiya pasanathe mwezi. Ukachepa kwambiri nsambo zizilira ngati ntchentche yatsekeredwa m'botolo. Pondani fret iliyonse pa nsambo iliyonse mukumvetsera phokoso limenelo, ngakhale wogulitsa atayamba kutopa nanu. Yendetsani chala m'mphepete mwa khosi kuti mumve ngati timawaya tija tikubaya, chifukwa tikamabaya ndiye kuti khosi linafota chida chitapangidwa kale. Yang'anani khosilo kuchokera kumutu monga mmene kalipentala amasuzumirira thabwa, muone ngati lawongoka. Potsiriza yesani kulowetsa ngodya ya pepala kunsi kwa kathabwa komangapo nsambo, kamene amati bridge. Pepala likalowa, kathabwako kayamba kale kumatuka. Zochunira zikhale za magiya, chifukwa zongodalira kuthina zimabwerera zokha ndipo zimagwetsa ulesi wophunzira.

Mudzamvanso ogulitsa akunena kuti chida china ndi solid, china ndi laminate. Choyambacho ndi thabwa lenileni, chachiwiricho ndi timapepala ta mtengo tomatikizana ngati pulayiwudi, ndipo mukhoza kusiyanitsa nokha poyang'ana m'mphepete mwa bowo: pa thabwa lenileni mizere ya pamwamba imatsika kulowa m'kati, pamene pa linalo mumaona timagawo tosanjikizana. Amisiri anzanga ena sadzakondwa nane, koma laminate si chinthu chochititsa manyazi. Mawu ake ndi osazama kwenikweni, komabe sang'aluka wamba, ndipo amapirira chinyezi cha Januwale, kutentha kwa Novembala ndi manja a ana makumi anayi. Makampani monga Kala ali ndi maukulele otere otsika mtengo, ndipo ena mwa iwo amalembedwa dzina loti Makala, limene kwathu kuno limaseketsa koma silikhudzana ndi mbaula. Dzina la kampani lisakulepheretseni kuyesa monga ndafotokozera, chifukwa maukulele awiri otuluka m'katoni imodzi amatha kusiyana. Chimene muyenera kupewa ndi zidole za mitundu yowala zimene zimafanana ndi ukulele koma zinapangidwira kuseweretsa, komanso zosemasema zogulitsa kwa alendo zimene ntchito yake ndi kupachika pakhoma.

Nsambo za ukulele ndi za nayiloni kapena pulasitiki wina wotchedwa fluorocarbon, osati zachitsulo. Nsambo zinayi za ukulele zimakoka ndi mphamvu yosakwana makilogalamu 20, pamene za gitala yachitsulo zimaposa makilogalamu 60, ndiye amene amaikapo waya wa buleki ya njinga kapena nsambo za gitala amazula bridge ndi kupinda khosi. Inu a kunyanja muli ndi mwayi pa nkhani iyi, chifukwa chingwe cha mbedza ndi cha mtundu womwewo, ndipo nsambo ikaduka muli kutali ndi tauni mukhoza kuikapo chingwe chofanana kukhuthala ndi chodukacho, ukulele n'kumalirabe. Musadabwenso nsambo zatsopano zikamatsika mawu kawirikawiri sabata yoyamba kapena yachiwiri; zikutamuka, si kuti chida chawonongeka. Ndipo musadzausiye m'galimoto yotseka kapena pansi pa malata padzuwa la Okutobala, chifukwa guluu amafewa ndi kutentha kotero.

Mukandifunsa kuti ndalama yanu ipite kuti, ndinganene kuti ngati ukulelewo uziyenda m'manja mwa ana tsiku ndi tsiku, mverani mlamu wanu, koma mupite nokha ku Lilongwe ndi foni ndi makadi anu m'thumba, osangotuma. Ngati ndi woti muziyimba inuyo potsogolera kwaya, ndipo mukhoza kudikira, pitani kwa mmisiri, koma mukamufunse mafunso amene mmisiri weniweni sakwiya nawo: thabwa analipeza kuti, lauma zaka zingati, adzamata mwezi uti, ndipo malo a ma fret amawapeza bwanji. Akakuyankhani kuti amangoonera pa gitala ina kapena amayeza ndi maso, tsanzikani mwaulemu. Mupempheni akuonetseni ukulele umene anapanga zaka ziwiri zapitazo, umene wadutsa dzinja ndi chilimwe, osati umene wautsiriza dzulo, ndipo muuyese ndi foni monga mungayesere wa m'sitolo. Mukagwirizana, perekani gawo la ndalama, chotsalacho mudzapereke mutauliza nokha, ndipo mugwirizanenso kuti mudzaubweretsa pakatha miyezi itatu kuti adzakonze mpata wa nsambo, popeza chida chatsopano chimasuntha pang'ono chikamazolowera nyumba yake. Ngati mwaitanitsa mu Januwale iye n'kukuuzani kuti mudikire mpaka mvula ithe, musamuyese waulesi.